Choko cha a Padenga

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Tauni yonse inkawadziwa kuti a Padenga, ndipo amene anayambitsa dzinali ndi akazi awo omwe, mosadziwa. Munthu akafika pakhomo n'kufunsa ngati bambo alipo, mayiwo, ali pa makina awo osokera pakhonde, ankayankha osadzutsa ndi mutu womwe: "Ali padenga." Denga la ndani, iwo sankadziwa. Zaka makumi awiri akuyankha chimodzimodzi, ndiye mukuganiza kuti dzinalo likanalephera bwanji kumata?

Ntchito yawo inali yoika madishi a kanema. Anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, wosalankhulalankhula. Makwerero ankawamangirira m'mbali mwa njinga, chikwama cha masipanala ndi chobowolera khoma chili paphewa, ndipo m'thumba la shati simunkasowa choko.

Amisiri a madishi m'tauniyo analipo ambiri, ena okhala ndi timakina tolira tikapeza mafunde. Amenewo ankafika, kubowola khoma, kumanga dishi, kenako n'kuyamba kuitembenuza uku akukuwira wa m'nyumba. "Chabwera?" "Ayi!" "Nanga pano?" "Chabwera... aa, chapitanso!" Akalephera ankasamukira pena, mpaka khoma la mwini wake kutsala mabowo okhaokha. A Padenga zimenezo analibe. Ankazungulira nyumba kamodzi, kuloza ndi chala, "Apa." Mabowo anayi, kumanga, kugwedeza pang'ono, chithunzi mbee! Ngakhale nyumba yopanikizika pakati pa mitengo ndi nyumba zosanjikizana, imene ena anaikana, iwo ankaipezera kamalo. Ena ankati ali ndi mankhwala. Iwo ankangoseka n'kumanga chikwama.

Chinsinsi chawo chinayamba ali kalipentala wa madenga. Tsiku lina akukhoma malata pa hotelo ina, manijala anatuluka akutukwana kuti kanema wazima, ndipo wakhudza dishi ndi kalipentala. Iwo sanaikhudze. Inali dishi yamakedzana, yaikulu yoti munthu n'kugonamo, kutsogolo kwake kuli kamutu kolandira mafunde kogwiridwa ndi timiyendo titatu. Ataisuzumira ali padenga, anaona mthunzi wa kamutuko uli pakati penipeni pa dishi. Patapita mphindi zingapo mthunzi unasendera pambali, ndipo m'kati anakuwa kuti chabwera. Mawa lake, nthawi yomweyo, zinachitikanso.

Anawamasulira ndi mmisiri wina wachikulire amene hotelo inamuitana. Kumwamba uko, kutali kwambiri kuposa kumene ndege zimafika, kuli chitsulo chachikulu ngati minibasi, chopangidwa ndi manja a anthu. Ndiyo setilaiti. Imazungulira pamodzi ndi dziko, mayendedwe ake ofanana ndendende, moti kwa ife pansi pano imakhala ngati yaima pamalo amodzi, popanda mzati, popanda chingwe. Dishi iliyonse imayang'ana iyo. Ndiye kawiri pachaka, kwa masiku anayi kapena asanu, dzuwa podutsa limafika kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo mafunde a dzuwa amamiza mafunde ake kwa mphindi zochepa.

Mmisiriyo anafotokoza ngati nkhani wamba n'kukwera galimoto yake. A Padenga anatsala padengapo kukamwa kuli yasa, nyundo itatentha m'manja. Chitsulo! Kuima m'mwamba osagwa! Anthu ngati iwo omwe, a zala khumi, anachimanga ndi mabawuti n'kuchiponya kumeneko. Ali chiganizire, m'mutu munabwera china: ngati dzuwa lili kumbuyo kwa setilaiti, ndiye kuti paliponse pamene pawala dzuwa pa mphindi imeneyo pakuonana nayo, ndipo pamene pali mthunzi patchingidwa. Dzuwa lenilenilo likukulozera poika dishi, kwaulere.

Kuyambira chaka chimenecho anasiya zokhoma malata. Masiku aja akafika ankasankha msewu umodzi patsiku, nthawi ikakwana n'kupalasa njinga mothamanga, kulemba kamtanda ka choko pakhoma lililonse pamene pagwa dzuwa. Mvula ikadzafufuta, malowo amakhala atalowa kale m'mutu. Sanauze mmisiri mnzawo aliyense, pakuti ndi mmene ankadyera. Anayesa kamodzi kuuza akazi awo okha, koma mayiwo anali ndi singano pakamwa. "Bambo, za kumwambazo mundiuze ndikamaliza diresi ya ukwatiyi." Madiresi a ukwati sanathe mpaka lero. Ndiye a Padenga ankadabwa okha, ndipo kunena zoona zinkawapweteka.

M'zaka zimenezo anaona tauni ikusintha pansi pa mapazi awo. Atsikana ankabwera kwa akazi awo ndi chithunzi cha pafoni chojambula pa kanema, "Mundisokere ngati iyi." Amuna amene sanatulukepo m'boma lawo ankakangana za zigoli za matimu a kutsidya kwa nyanja ngati osewerawo ndi ana a mlongo wawo. Ndipo ndale zinalowa m'chipinda chochezera. Kale mawu ankachokera pa wailesi imodzi, anthu n'kungovomera. Tsopano ankaona ndi maso phungu wawo akusinza m'nyumba ya malamulo, ankaona anthu a mayiko ena ali pamzere kuchotsa atsogoleri ndi kapepala. Dishi inasanduka chinthu choteteza. Ukaigwira molakwika, wagwira diso la munthu.

Chaka cha chisankho, nyumba youlutsa nkhani inapatsa aliyense wopikisana nawo ola limodzi, leveni koloko m'mawa, tsiku lakelake, kuti alankhule kwa mtundu wonse. Mwatsoka, sabata imeneyo inali yomwe ija ya dzuwa. Lolemba ndi Lachiwiri kanema anazima pakati pa zolankhula za timagulu ting'onoting'ono, ndipo palibe anadandaula. Lachitatu linali tsiku la mtsogoleri wotsutsa boma, wokondedwa m'tauni yonse. Holo ya pamsika, kumene anthu ankaonera mpira, inadzaza mpaka m'mawindo. Mtsogoleriyo atangoti, "Tsopano ndikutchulirani mayina a amene anaba," chithunzi chinaduka tizidutswa, kenako bii! Anthu anatuluka akukuwa. Nyumba iliyonse chimodzimodzi.

Nanga a Padenga anali kuti? Koma abale, munthu uyu! Za chisankho anali ataiwaliratu. Anali mumsewu wa kuseri kwa holo, msewu umene aliyense ankadziwa kuti ndi wa otsutsa, akuthamanga kuchoka pakhoma ili kupita pa linalo, kulemba timitanda.

Woyamba kuwaona anali a Madamu, mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsa theka la tauniyo. Nyumba yawo inali pansi pa mtengo waukulu wa mango, ndipo amisiri atatu anawauzapo kuti dishi pamenepo singagwire. Tsiku limenelo a Padenga anapeza kadzuwa kolowa pakati pa nthambi, kakugwa pakhoma la khitchini, ndipo analemba mokondwa. Koma a Madamu anali ndi chifukwa choopera. Chisankho chapitacho anthu ena anapaka penti pageti lawo, ndipo patapita masiku awiri mwana wawo wamwamuna anamenyedwa mpaka kugona m'chipatala mwezi wathunthu. Ataona kamtandako anakumbukira penti ija. Anakuwa mawu amene anamveka mpaka kumsika.

Gulu linafika likutsogoleredwa ndi mlamu wawo wa a Padenga, mlongo wa akazi awo, amene ankayendetsa kampeni ya otsutsa ndipo chimkuzamawu sichinkachoka m'manja mwake.

"Alamu! Inu? Kanema wazima, inu muli pano kulemba nyumba za anthu athu? Akutumani ndani?"

 A Padenga akanayambira pati, ndi anthu mazana akukuwa? Anawalanda makwerero, njinga anaigwetsera mungalande. Anapulumuka chifukwa mlamu yemweyo anatambasula manja kuwatchinga, kuopa kuti akamuuza chiyani mlongo wake.

Pofika masana, foni yawo inali italira kasanu, onse akunena zofanana: musabwerenso. Ena anayamba kumasula madishi amene a Padenga anaika, ati ali ndi makutu a boma. Pageti pawo wina analemba ndi makala zilembo zikuluzikulu: KAZITAPE. Munthu amene ntchito yake ndi kukwera pamwamba pa nyumba za anthu, kuona m'mabwalo awo, zovala zawo zapachingwe, ana awo akusamba, amadya chifukwa amamukhulupirira. Chikhulupirirocho chikatha, ngakhale akhale katswiri chotani, watha.

Akazi awo anaimitsa makina. Anatseka chitseko.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Ndikumva chilichonse, koma chikhale choona."

Anawauza zonse, kuyambira pa hotelo paja. Anatenga mbale, supuni ndi tochi kuwaonetsa mmene mthunzi umayendera. Mayiwo anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Zaka zonsezi, osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munati mumalize kaye diresi."

Mayiwo anaseka, kenako anapukuta maso ndi kansalu kotsala. "Chabwino, ndalakwa. Koma mawa mukauze anthu onse."

"Ndikawauza, mmisiri aliyense adziwa. Ine nditsala ndi chiyani?"

"Panopa mwatsala ndi chiyani? Ndani angalole kazitape padenga pake?"

Mayiwo anavala nsapato n'kupita kwa mlongo wawo uja. Zimene anakalankhula kumeneko palibe akudziwa, koma anabwera ndi yankho: mawa leveni koloko, pa holo, pamaso pa aliyense. A Padenga anavomera, koma mantha anali nawo. Mawa linali tsiku lachinayi la masiku a dzuwa aja, mwina lomaliza, ndipo kumwamba kunali kutayamba kusonkhana mitambo.

Lachinayi kunacha kopanda dzuwa. Linali tsiku la mtsogoleri wolamula, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa dzulo, ena kudzamuwowoza iye, ena kudzaona mapeto a kazitape. Pabwalo la holo panali dishi yaikulu yamakedzana, yomangidwa pachipilala cha simenti, ndipo a Padenga anaima pambali pake. Mlamu wawo anawalanda foni n'kuwasecha m'matumba. Anapeza choko chokha. A Padenga anapempha kuti awabwezere, ndipo anajambula kabwalo kakang'ono pakati penipeni pa dishi.

"Ikamakwana kota pasiti leveni, kanema azimanso," anatero. "Wozimitsa si ine, si boma. Ndi dzuwa. Muona mthunzi wa kamutu aka ukulowa m'kabwalomu."

"Mthunzi uti?" wina anafunsa. Anthu anaseka, chifukwa padishipo panalibe mthunzi ngakhale wa ntchentche.

"Ngati akudziwa nthawi, ndiye kuti mabwana ake amuuza!" anakuwa wina kumbuyo. Mawu amenewo anagwira.  A Padenga ankaganiza kuti kulosera nthawi kuwapulumutsa, osadziwa kuti akudzimangira okha chingwe.

Mlamu wawo anaima pakhomo la holo, diso lina m'kati, lina panja. Posakhalitsa, chizolowezi chinamugwira, anakweza chimkuzamawu. "Chayamba kudukaduka!"

Gulu linasendera kutsogolo. "Mwaona! Amadziwa!"

Akazi awo a Padenga analowa pakati, tepi yoyezera ikadali m'khosi. "Inu, ganizani! Akulankhulayo ndi wa boma. Boma lidzitseke lokha pakamwa?"

"N'zophimba anthu m'maso zimenezo!"

A Padenga sanamve zonsezo. Maso awo anali kumwamba, pamene mtambo unkapyapyala m'mphepete. Sanali munthu wopempherapemphera, koma milomo inkagwedera. Kenako mtambo unang'ambika, ndipo bwalo lonse linawala ngwee.

Mthunzi unali pomwepo, wakuda bii, wozungulira ngati kapu, utagunda kale m'mphepete mwa kabwalo ka choko. A kutsogolo anauona, anakhala chete, ndipo batalo linayenda mpaka kumbuyo. Unkayenda pang'onopang'ono, moti ukayang'anitsitsa sukuona kuyenda, koma ukaphethira n'kuyang'ananso wasendera. Theka. Kupitirira theka. Palibe dzanja linali pafupi ndi dishiyo. Mthunzi utadzaza kabwalo konse, mawu a mlamu anamveka, ulendo uno otsika, ngati waiwala kuti ali pa chimkuzamawu.

"Chazima."

Ha! Anthu mazana, amisika, oyendetsa njinga, amayi obereka ana, palibe anatsokomola. A Padenga anaona nkhope zawo ndipo anazindikira kukamwa kwa yasa kuja, kofanana ndi kwawo padenga la hotelo. Mantha anawachoka. Mawu anabwera okha, ambiri kuposa amene analankhulapo chaka chonse.

"Tsekani maso. Musaliyang'ane dzuwa, lingakupwetekeni. Tsekani maso, mutembenukire kumene mukumva kutentha. Eya. Pamenepo. Pakati pa nkhope yanu ndi dzuwa pali chitsulo chachikulu ngati minibasi, chopanda mzati. Mpira wonse munaonera, maliro a anthu otchuka, aphungu akusinza, zonse zinadutsa pamenepo. Zinakwera kuchoka pansi, zinagunda icho, n'kutsikira padenga panu musanamalize kuphethira. Simunachionepo, simudzachiona. Koma pa mphindi ino mukudziwa pamene chili."

Ndipo anatembenuka, abale, onse. A chipani ichi, a chipani icho, mwini holo, wapolisi amene anabwera kudzaletsa chipolowe, nkhope zonse mbali imodzi ngati madishi a mumsewu umodzi, maso ali chitsekere. Mayi wina anati chapansipansi, "Mulungu wanga." Akazi awo a Padenga anali atagwira dzanja la amuna awo, pagulu, chinthu chimene sanachitepo.

Chotsala chinali chimodzi, ndipo a Padenga anachinena.

"Timitanda tija ndi timeneti. Khoma lililonse limene dzuwa likuwomba panopa likuonana ndi setilaiti. Pamene pali mthunzi, dishi singagwire. Ndinkalemba poika dishi. Ndi nzeru yanga yonse imeneyo, ina ndilibe."

Amisiri anzawo amene anali m'gulumo anayang'anizana. Mmodzi anamenya pachipumi. Wina sanadikire n'komwe, anayamba kuthamanga. Kenako bwalo lonse linabalalika, aliyense kulowera kwawo, akutola makala, zidutswa za njerwa, chilichonse cholembera, kukuwirana kuti fulumira dzuwa lisanasunthe. Mthunzi unatuluka mbali ina ya kabwalo, chithunzi chinabwerera, ndipo mtsogoleri uja anaonekanso akugwedeza chala, akulonjeza misewu, osadziwa kuti dzuwa linamutseka pakamwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Mu holomo munatsala mabenchi okha.

A Padenga anakhala pansi pachipilala cha simenti.  Zimene anasunga zaka makumi awiri anazimwaza mphindi imodzi, ndipo pofika mawa mmisiri aliyense adzakhala akuloza "apa" ngati iwo. Komanso palibe amene anabwera kudzanena kuti pepani. Anthu anadabwa, inde, koma kudabwa si kukhulupirira munthu. Mlamu wawo anali chiimire pakhomo, akuyang'ana nsapato zake.

Ndiye anaona a Madamu akubwera kuchokera kuseri kwa holo, akutsimphina ndi mawondo awo ovuta, akupuma movutikira. Dzanja lawo lamanja linali lakuda ndi makala mpaka m'chigongono. Anaima patsogolo pa a Padenga.

"Kamtanda kanu ndinakafufuta dzulo. Ndi sopo, ndi bulashi."

"Ndamva, Madamu. Munali ndi chifukwa."

"Ndalemba kanga. Kadzuwa kake n'kochepa ngati chikhatho, ndipo manja amanjenjemera, ndiye sindikudziwa ngati ndakhoza." Anapuma kaye. "Mubwere mudzaone. Mubwere ndi dishi yomwe. Mavoti akamadzawerengedwa ndikufuna ndidzaone ndekha, m'nyumba mwanga, osati kumva za m'maluwa."

"Makwerero ndilibe, Madamu."

A Madamu anatembenuka, ndipo mawu amene anatuluka anali a m'kalasi. "Iwe wa chimkuzamawu! Wamva?" Mlamu uja, bambo wa ana anayi, anaika chimkuzamawu pansi n'kuthamanga kukatenga makwerero aja.

"Geti ndasiya losatseka," anatero a Madamu. "Ndikakhala kulibe, muzingolowa."

 A Padenga anaimirira, n'kugwira dzanja lamakalalo ndi manja awo onse awiri.